Katochi pa Mano a Nyenje

Sisita ankaikonda ntchito yake pa chifukwa chimene sakanauza munthu aliyense: inali ntchito yophimba pakamwa. Akafika m'mawa pa kachipatala kena ka mano, kamene kanali pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, ankasamba m'manja, n'kuvala masiki, basi tsiku lonse anthu ankangoona maso ake. Maso okha anali nawo ndithu, aakuluakulu, odekha, oti mwana wobwera akulira ankatonthola akawayang'ana. Koma kuseri kwa masikiyo kunali mano akutsogolo amene anakana kukhala m'nyumba. Anatsogola, ngati akufuna kukayamba kufika kumene mwini wake akupita. Kuyambira ali wamng'ono Sisita ankaseka ndi dzanja. Chiseko chikamabwera, dzanja lamanzere linkayamba ndilo kufika pakamwa, zala zitapindika pang'ono ngati munthu wofuna kutsokomola. Ngakhale mwamuna wake, amene anakhala naye zaka zambirimbiri, mukanamufunsa kuti mano a mkazi wake ndi otani, akanayamba wakanda kaye m'mutu.

Mwana wawo wamkazi anatengera mano omwewo, koma dzanja lija sanatengere. Ankamuitana kuti Nyenje, chifukwa chiphunzirire kuyankhula pakamwa pake sipankapuma. Ankaimba posamba, potsuka mbale, ngakhale pochita masamu, ndipo akati aseke ankaponya mutu kumbuyo n'kuyasamula pakamwa ponse, moti ukanatha kumuwerenga mano uli tsidya lina la msewu. Anali atafika pakati pa sekondale, msinkhu umene atsikana ena amayamba kudana ndi mphuno zawo zomwe, koma iye ayi. Sisita akamuona akuseka choncho pagulu, mtima unkamudzaza ndi chikondi, kenako maso ake ankathamangira pa nkhope za anthu kuti aone ngati wina akuyang'ana.

Adokotala amene Sisita ankawathandiza anali mayi wamfupi, wa mawu ochepa, katswiri wowongola mano. Anavomera kumuthandiza Nyenje. Anamuzula mano awiri am'mwamba, lina kumanja lina kumanzere, kuti papezeke malo. Kenako anamata tizitsulo pa dzino lililonse n'kudutsitsamo waya. Tisipuling'i tating'ono tinkakoka mano osongoka aja kuti abwerere m'mbuyo, akalowe m'mipata ya ozulidwawo, ndipo akutsogolo anali oti adzatsatira pambuyo pake. Koma dzino si mpando woti ungoukankha. Kuti lisunthe, fupa la mbali imene likupita liyenera kusungunuka pang'onopang'ono, lina n'kumamera kumene likuchoka, ndipo fupa silimva zoti munthu ali ndi changu.

Choncho m'kamwa mwa Nyenje munayamba mwaipiratu musanakongole. Mano otsogola anali akadali pompo, mawaya ali ng'aning'ani, ndipo m'mbalimu munali magweru awiri akuda bii. Mwini wake analibe nazo kanthu. Timphira tomangira waya ankasankha tamitundu yowala, mwezi uno tobiriwira, mwezi winawo tofiira.

Bambo ake, amene ankakonza mafiriji, anamuyang'ana tsiku lina patebulo n'kupukusa mutu.

"Iwe Nyenje, tayasamula. Ee, ndendende kuseri kwa firiji! Ubwere kushopu mawa ndikakuthire gasi."

Nyenje anaseka mpaka tiyi anamutulukira m'mphuno. Sisita anadzuka kukatenga chopukutira, nkhope itakwinyika.

"Abambo ake, nkhani zina n'zosaseketsa."

"Nanga mwini wake si uyu akugubuduzikayu?"

Ndi nthawi imeneyo pamene kunabwera katochi. Dzina lake lenileni ndi leza, koma pachipatalapo ankangoti katochi: kabokosi koyera kokhala ndi chingwe, kumapeto kwa chingwecho kachitsulo konga cholembera. Si leza yodula kapena yowotcha ayi. Kuwala kwake n'kofooka, munthu samva kutentha kapena kuwawa. Umangokagunditsa pa nkhama molunjika muzu wa dzino, kakalira kuti pii n'kusunthira pena. Ena amati kuwala kumeneku kumadzutsa fupa kuti lizisungunuka ndi kumera msanga, dzino n'kumayenda mofulumira. Ena anayesa, n'kunena kuti sanaone kusiyana kwenikweni. Adokotala sankakonda nkhani za m'maluwa, choncho anaganiza zofufuza okha.

Makolo angapo analola kuti ana awo alowe m'kafukufukuyo, ndipo Sisita anali woyamba kuvomera. Kachitidwe kake kanali kotere: mwana aliyense ankawunikidwa mbali imodzi yokha ya m'kamwa. Mbali inayo katochi kankagunditsidwa chimodzimodzi, kankaliranso pii chimodzimodzi, koma kasakutulutsa kuwala. Mwanayo ankavala magalasi akuda oteteza maso, ndiye sakanadziwa kuti mbali yeniyeni ndi iti. Ankadziwa ndi adokotala okha. Sisita ankatulutsidwa m'chipinda nthawi yowunika, chifukwa ntchito yake inali yoyeza mipata ija mwezi ndi mwezi, ndipo woyeza akadziwa mbali yowunikidwa, dzanja lake limayamba kukondera mwini wake osazindikira.

Anthu inu, kodi chilipo chozunza mayi kuposa kuyeza m'kamwa mwa mwana wake yemwe? Sisita ankalowetsa kachitsulo koyezera mu gweru la kumanja, kenako la kumanzere, n'kupeza kuti mwezi wathunthu dzino layenda kadera kosaposa nsonga ya chikhadabo. Tsiku lowunika ankaima kunja kwa chitseko n'kumamvetsera: pii kumanja, pii kumanzere. Kulira kwina mwa kumeneko kunali kwabodza. Theka la m'kamwa mwa mwana wake linkanamizidwa, iye ali chiimire pakhomo ndi thireyi m'manja, ndipo zinkamudya mumtima.

Akanapirirabe chikhala kuti Nyenje sanabwere kunyumba tsiku lina akudumphadumpha, chikwama chikumumenya kumsana.

"Amayi, andisankha! Tsiku lopereka mphoto ndidzatsogolera nyimbo ndine. Ndekha kutsogolo ndi maikolofoni, kwaya yonse kumbuyo kwanga!"

"Liti limenelo?"

"Kumapeto kwa teremu. Makolo onse adzabwera, holo idzadzaza mpaka pakhomo."

Sisita anamukumbatira, ndipo chimwemwe chake chinali chenicheni. Koma chibwano chili paphewa la mwanayo, anakumbukira tsiku lina ali ku pulayimale. Aphunzitsi anamuimitsa kutsogolo kuti alakatule ndakatulo, mnyamata wina kumbuyo n'kuika zala ziwiri pakamwa ngati mano, mzere wonse n'kufa nacho chiseko. Ndakatuloyo sanaimalize. Mnyamatayo lero mwina ndi dazi lokhalokha, sakukumbukiranso kanthu, koma Sisita zala ziwiri zija ankaziona mpaka pano. Anawerenga miyezi yotsala n'kuona kuti pa liwiro limeneli mwana wake adzakaima pamaso pa anthu ndi magweru ake onse awiri.

Masana aliwonse adokotala ankatseka kwa kanthawi n'kupita kukatenga mwana wawo kusukulu ya mkaka, mbali ina ya tauni. Sisita ankatsala yekha ndi makiyi. Katochi ankakadziwa bwino. Ndiye ankakapukuta, ndipo tsiku limene ogulitsa anadzaphunzitsa kagwiritsidwe kake anali pomwepo.

"Ukaweruka uzidzera kuntchito," anamuuza Nyenje. "Tiziwonjezera pang'ono."

"Anena ndi adokotala?"

"Ndi zathu izi, ine ndi iwe. Adokotala ali ndi zambiri zowatangwanitsa."

Nyenje sanafunsenso. Ankakwera masitepe onunkha mphira wa matayala aja, n'kuponya chikwama pakona, n'kudzigwetsa pampando wa odwala ngati wake. Sisita ankatseka makatani, n'kumuveka magalasi akuda, nayenso n'kuvala ake. Kenako ankamuika m'kamwa kapulasitiki kokoka milomo, kaja kamachititsa kuti mano onse ndi nkhama zikhale poyera. Poti sankadziwa mbali yonamizidwa, ankawunika zonse. Pamene adokotala ankasuntha katochi kakangolira kamodzi, iye ankadikira kalire kawiri, mwina katatu. Nzeru zake zinali za kukhitchini: madzi akachedwa kuwira, umawonjezera moto. Anthu ena akalakwitsa amalakwitsa chifukwa chosadziwa. Sisita ankadziwa zokwanira kuyatsa makina, ndipo mantha anamuuza kuti n'zokwanira.

Kumapeto kwa mwezi anayeza. Mipata inali itachepa monga mwa masiku onse, kansonga ka chikhadabo komweko. Munthu wina akanasiyira pomwepo. Iye anaganiza kuti moto ukadali wochepa.

Chomvetsa chisoni n'choti Nyenje ankawakonda masana amenewo. Kapulasitiki kasanalowe ankakhuthula nkhani zonse za kusukulu: aphunzitsi a sayansi amene amagona ali chiimire, mnzake amene anakomoka poona chule, mnyamata wa besi amene mawu ake amaduka pakati pa nyimbo. Kakalowa ankaimbira m'mphuno nyimbo yake ija, phazi likumenya mpando.

"Khala bata iwe, ndiphonya muzu," ankatero Sisita, akuseka kuseri kwa masiki.

Tsiku lina, akuvala magalasi, Nyenje anati, "Amayi, anzanga amayi awo sawaona masana. Ine ndiye ndili ndi mwayi."

Mawuwo anamulasa Sisita, koma anangoti, "Yasamula."

Tsiku limene zinaululika linali tsiku wamba. Adokotala atafika kumsewu analandira foni yoti amuna awo amutenga kale mwana, ndiye anabwerera. Sisita sanamve mapazi pamasitepe chifukwa Nyenje anali pakati pa kolasi. Chitseko chinatseguka, katochi n'kulira pii nthawi yomweyo.

Adokotala sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anaika chikwama pampando, n'kuyandikira, n'kuzimitsa makinawo ndi chala chimodzi.

"Sisita, mukuwunika mbali iti?"

Sisita anavula magalasi akuda aja.

"Zonse, adokotala."

"Mwayamba liti?"

"Papita milungu ingapo."

"Ana ena aja nawonso?"

"Ayi, ndikulumbira. Uyu yekha."

Adokotala anausa moyo. "Mukudziwa kuti kuwala kumeneku kuli ndi mlingo wake ngati mankhwala? Kuchulutsa si kufulumizitsa. Mwina simunasinthe kalikonse, mwina mwachedwetsa kumene. Chondiwawa n'choti tsopano sitidzadziwa. Zonse zimene tayeza m'kamwa mwa mwanayu zapita padera."

Anamuvula Nyenje magalasi. Mtsikanayo anaphethiraphethira, maso akuchoka kwa adokotala kupita kwa amayi ake. Kapulasitiki kaja kanali kakadali m'kamwa, kakukoka milomo mbali zonse, moti sakanatha kuyankhula kapena kutseka pakamwa.

"Mwanawe, mawaya akukupweteka? Watopa nawo?" anafunsa adokotala.

Nyenje anapukusa mutu.

"Alipo akukuvutitsa kusukulu?"

Anapukusanso.

"Nanga changu chonsechi n'cha ndani, Sisita?"

Munthu wogwidwa akakhala wanzeru amangoti zyoli n'kupepesa. Sisita tsiku limenelo nzeru zinamuthawa. Manyazi anasanduka ukali, ndipo mawu amene anawasunga nthawi yonseyi kuseri kwa masiki anatuluka okha.

"Adokotala, inu simungamvetse! Uyu akukaima kutsogolo kwa holo yodzaza anthu, akayasamule pamaso pa aliyense. Tamuonani! Taonani nokha!" Chala chake chinaloza m'kamwa mwa mwanayo. "Mukufuna anthu akaone zimenezi?"

Pansi, kusitolo ya matayala, wina ankamenya chitsulo. Nyenje anali chigonere pampando, nyali yaikulu ikumuwalira m'kamwa, chala cha amayi ake chili chilozere, iye wosatha kubisa chimene chikulozedwacho. Misozi inatuluka m'mbali mwa maso n'kutsikira m'makutu. Kenako anakweza manja, n'kuchotsa yekha kapulasitiki kaja, n'kukaika bwinobwino pathireyi. Anatseka milomo. Inavuta kukumana pamwamba pa mano ndi mawaya, koma anaikakamiza mpaka chibwano chinachita makwinya.

Adokotala anamuuza Nyenje kuti akadikire pabenchi panja. Atatseka chitseko anayankhula motsitsa mawu. Nyenje achotsedwa m'kafukufuku, ndipo oyang'anira kafukufukuyo ayenera kuuzidwa chifukwa chake. Mawaya apitirira, mano aziyenda pa liwiro lawo popanda kuwala. Sisita asadzakhudzenso katochi, ndipo za kuyeza apeza munthu wina.

"Ntchito sindikuchotsani," anamaliza choncho. "Lero pitani naye kunyumba mwanayo."

Sisita anavomera zonse atagwetsa nkhope. Zaka zonse zimene anagwira pamenepo sanasowetsepo ngakhale thonje, ndipo lero anali munthu womubisira makiyi a kabati. Ankafuna kulowa pansi. Potsika masitepe ankaganiza kuti manyazi ake onse ndi amenewo, osadziwa kuti manyazi aakulu ali kutsogolo kwake atanyamula chikwama cha sukulu.

Anauyamba ulendo, Nyenje patsogolo pang'ono. Anadutsa sitolo ya mankhwala, malo ometera, ndi pokwerera basi. Pa mphambano, akudikira kuti magalimoto adutse, mtsikanayo anayankhula maso ali kumsewu.

"Amayi."

"Ee."

"Ndikamaseka, inu mumachita manyazi?"

"Iwe, ayi! Ndimangofuna kuti zikuyendere bwino. Anthu ndi ankhanza, iwe sunawadziwe."

"Palibe anandinenapo." Ankayankhula milomo isakutseguka kwenikweni, moti Sisita anachita kuwerama kuti amve. "Ena amanditchula kuti Waya, ndimaseka nawo. Koma palibe anandilozapo n'kunena kuti zimenezi."

Galimoto yaikulu inadutsa, n'kuwasiyira utsi.

"Ine ndinkayesa mumandiitana masana chifukwa mumandisowa."

Sisita anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo m'pamene anazindikira kuti wayenda msewu wonsewo masiki ili kumaso. Anaivula n'kuipinda m'thumba. Kenako anawoloka msewu.

M'nyumba munasintha kamvekedwe. M'bafa munkangomveka madzi okha. Mbale zinkatsukidwa mwakachetechete ngati kwa eni. Bambo ake a Nyenje anapirira masiku angapo, kenako patebulo anaponya nthabwala.

"Kodi Nyenje yathu yatha mabatire? Ndikagule atsopano?"

Nyenje anamwetulira milomo ili chitsekere, n'kunyamula kapu yake kupita nayo kuchipinda. Bamboyo anatembenukira kwa mkazi wake, ndipo Sisita anafotokoza zonse, kuyambira pa makatani otseka mpaka pa chala choloza. Sanabise kalikonse. Mwamunayo anamvetsera akuzunguza supuni m'kapu yopanda kanthu.

"Amake Nyenje," anatero potsiriza, "ndakhala nanu zaka zonsezi ndikudikira tsiku limene mudzaseke dzanja lili pansi. Nditaona kuti sizitheka ndinati palibe kanthu, ndizionera kwa mwana, poti mano ndi omwewo. Tsopano mwanditsekera konseko."

Anadzuka n'kukakhala panja. Akanamutukwana zikanapepuka.

Sisita anapita kukagogoda kuchipinda kwa mwana wake. Anamupeza atakhala pabedi, kagalasi kali pafupi ndi pilo, kotembenuzidwa chafufumimba.

"Mwana wanga, ndinalakwitsa. Pakamwa pako palibe choipa chilichonse. Mavutowo ndi anga, ndi akalekale."

"Ndamva, amayi."

"Ndikunena zoona."

"Ndamva. Zikomo."

Ulemu umenewo ndiwo unawawa koposa. Nyenje wakale akanakuwa, akanamenyetsa chitseko, pakutha pa ola n'kuyamba kuimba. Uyu ankayankha ngati mlendo woleredwa bwino. Tsiku losintha timphira litafika, adokotala anamutsegulira bokosi la mitundu monga mwa nthawi zonse.

"Mwezi uno tikuika totani? Kwabwera tachikasu tatsopano."

"Tosaoneka," anatero Nyenje.

Adokotala anamuyang'ana Sisita pamwamba pa magalasi awo. Sisita anayang'ana pathireyi.

Tsiku lopereka mphoto holo inadzaza monga ananenera. Mipando ya pulasitiki inafika mpaka pakhomo, mafani akungozunguza mpweya wotentha womwewo, ndipo mlendo wolemekezeka anayankhula mpaka makanda onse anagona. Sisita anakhala pambali pa mwamuna wake. Magweru anali akadalipo, ochepa pang'ono, monga mmene akanakhalira ngakhale akanasiya katochi m'kabati mwake.

Kwaya inakwera, Nyenje n'kupita kutsogolo, yunifolomu yositidwa bwino. Anagwira maikolofoni ndi manja onse awiri n'kuikweza mpaka inaphimba pakamwa. Anaimba osaphonya ngakhale pamodzi. Koma mawu amene kale ankamveka mpaka kwa aneba ankatuluka ochepa, ngati akuimbira m'kapu. Atafika pokwera paja, pamene m'bafa ankaponya mutu kumbuyo mpaka mawindo kunjenjemera, anaweramitsa mutu n'kudutsapo mofulumira. Anthu anaomba m'manja ndithu.

Mayi wina amene anakhala pafupi anamugunda Sisita ndi chigongono.

"Mwana wa ndani ameneyu? Mawu ali nawo, koma ndi wamanyazi bwanji!"

"Ndi wanga," anatero Sisita.

Palibe munthu m'holo monsemo amene anaona mawaya kapena magweru. Chimene Sisita ankafuna chinachitika ndendende, ndipo sanachitepo manyazi otero chibadwire.

Panja panali wojambula zithunzi, mabanja ali pamzere. Bambo ake a Nyenje anaumirira kuti nawonso ajambulitse. Anaima pafupi ndi khoma la holo, mwana pakati.

"Sendererani pang'ono. Eya. Tsopano sekererani!" anakuwa wojambulayo.

Palibe anasekerera. Bamboyo anawerama n'kunong'oneza, koma mokweza moti onse anamva: "Nyenje, tsegula firiji, bambowa akufuna madzi ozizira."

Chiseko chinamupulumuka mtsikanayo asanachigwire. Ndipo dzanja lamanzere linakwera, n'kufika pakamwa chisanatuluke chonse, zala zitapindika pang'ono ngati munthu wofuna kutsokomola. Sisita anaona dzanja lake lomwe pankhope ya mwana wake. Sanamuphunzitsepo. Mwanayo ankangoliona tsiku ndi tsiku chibadwire, ndipo tsopano anali atadziwa ntchito yake.

"Achemwali, dzanja pansi," anatero wojambula.

Nyenje anatsitsa dzanja, milomo itatsekeka kale. Pamenepo Sisita anapititsa manja ake onse kumbuyo, lamanja n'kugwira lamanzere zolimba. Anatsegula milomo. Mphepo inamuomba pa mano, ndipo anamva ngati wavula pamsika. Makolo ankadutsa, ana ankathamanga, aphunzitsi ena anali chapafupi pomwepo, koma iye anapitiriza, mano onse panja, milomo ikunjenjemera.

"Nyenje," anatero osatseka pakamwa. "Taona. Taona ine."

Nyenje anatembenuza maso n'kuwayang'ana amayi ake kanthawi ndithu. Nkhope yake sinaonetse mkwiyo. Kenako anabweza maso kwa wojambula, milomo ili chitsekere, ndipo chithunzi chinajambulidwa choncho.

Chithunzicho chili pachitseko cha firiji kunyumba kwawo, bambo ake anachimata ndi maginito. Alendo amati amayiwo anatuluka bwino. Kafukufuku anatha popanda iwo, ndipo Sisita sanalimbe mtima kufunsa kuti katochi kanapezeka kothandiza kapena ayi. Mipata inatsekeka pa nthawi yake, akutsogolo aja anabwerera m'nyumba, mawaya anachotsedwa chaka chotsatira. Adokotala amati ndi mano ena mwa okongola kwambiri amene anawongolapo. Sisita amavomereza. Manowo amangowaona Nyenje akabwera kudzapimidwa, atagona pampando uja, kapulasitiki kali m'kamwa.